Komiti Yokwera Sapitwa

Ku Nkolokosa kuno munthu sangodzuka n'kukwera phiri. Amayamba wasankha komiti.

Zonse zinayamba tsiku lomwe bambo a Tadala anaona pa WhatsApp chithunzi cha mnzawo wa kuntchito ataima pamwamba pa Sapitwa, manja ali m'mwamba, mitambo ili kunsi kwa mapazi ake. Mnyamatayo ndi wapansi pawo pa udindo, ndipo ngakhale galimoto alibe. Chinawawawa kwambiri n'chimenecho. Madzulo ake, nsima isanafike n'komwe patebulo, analengeza kuti banja lonse likupita ku Mulanje, ndipo silikathera m'munsi ngati ana a sukulu ayi, likafika pansonga penipeni, mamita 3,002. Nambalayi anaitchula kawiri, kachiwiriko mokweza kuti ife a kuseri kwa mpanda timve.

Wapampando anakhala iwo eni. Msungichuma, mayi a Tadala. Mlembi, Tadala, poti ndiye amadziwa foni. Alamu awo anadziika okha kukhala oona za chitetezo, ati anagubako ali mnyamata nthawi ya Kamuzu. Gulu la WhatsApp linatsegulidwa usiku womwewo, ndipo pofika Lachisanu munali achibale a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, onse akupereka malangizo a phiri lomwe amangoliona pa kalendala.

Mfundo yoyamba pa msonkhano sinali njira, sinalinso ndalama. Inali yunifomu. Banja lolongosoka silingakwere phiri aliyense atavala zake ngati anthu othawa madzi osefukira. Mtundu wa matisheti unadya misonkhano iwiri, chifukwa azakhali anakana wachikasu, ati anthu aziganiza kuti ndi zachipani. Wobiriwira, wabuluu ndi wofiira inagwa pa chifukwa chomwecho. Anagwirizana pa wotuwa.

Kenako panabwera zokonzekeretsa thupi. Adokotala anali atawauza kale bambo a Tadala za BP ndi mimba ija, koma mawu a dokotala sanawasunthe monga chinachitira chithunzi cha mnyamata wopanda galimoto. Analembetsa ku jimu ya m'tauni. Amapita pagalimoto, n'kuzungulira mphindi khumi kufuna poimika pafupi ndi khomo, kenako n'kulowa kukayenda pamakina. Phiri la Soche lili apa, limaoneka pawindo la kukhitchini kwawo, ndipo kukwera kwake n'kwaulere. Nditawafunsa, anandiyang'ana momvera chisoni.

"Achimwene, Soche amakwera ndi anthu opita kukapemphera. Ine ndikukamba za phiri."

Jombo ndi majekete zinagulidwa pa kaunjika ku Limbe, ngakhale mayi a Tadala amauza amvano anzawo kuti zinachita kutumizidwa. Wogulitsa analumbira kuti jeketelo linachokera ku Canada ndipo mwini wake ankagona nalo pa chipale chofewa. Bambo a Tadala analiyesa pabwalo dzuwa lili paliwombo, jombo kumapazi, chikwama kumsana, tochi pamphumi, ndipo galu wawo yemwe anawauwa.

Nkhani ya kamba ndiyo inavuta. Mayi a Tadala sakhulupirira kuti munthu angagone kutali ndi kwawo popanda mbaula. Pamndandanda wawo panali thumba la ufa, makala, mapoto atatu, usipa, thobwa la m'chigubu, nkhuku ziwiri zamoyo, ndi mpando wapulasitiki woti bambo azipumirapo. Ataimbira mnyamata wolondolera njira wa ku Likhubula, komwe alendo ambiri amayambira ulendowu, iye anafotokoza modekha kuti m'phirimo muli timanyumba togona alendo, ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila ndi kwina, kuti opita ku Sapitwa amagona pa Chisepo, kuti nyumba iliyonse ili ndi mlonda wake ndipo nkhuni zimakhalapo. Anawonjeza kuti ulendowo ndi wa masiku atatu kwa anthu oyenda bwino, ndipo chakumapeto kwake munthu amakwawa m'miyala ndi manja omwe.

"Nanga chipinda chili ndi bafa lake m'kati?" anafunsa wapampando.

Foni inakhala chete kanthawi.

"Netiweki imagwira pamwambapo?"

"Nthawi zina, bwana. Malo ena."

Nkhope ya komiti yonse inagwa. Kukwawa m'miyala akanapirira, koma kufika pansonga anthu a pa Facebook osadziwa tsiku lomwelo, ndiye kuvutikiranji?

Atafika pa malipiro a onyamula katundu, bambo a Tadala anasanduka munthu wina. Ku jimu analipira osafunsa, wosindikiza matisheti anamupatsa ndi ya fanta yomwe, koma mnyamata woti asenze ufa wawo ndi mpando wawo kukwera mtunda tsiku lonse anamunenerera mtengo kwa theka la ola. "Tonse ndife Amalawi, mphwanga, usatitchaje ngati azungu." Mawu amenewa m'tauni timawasungira anthu osauka okhaokha. Sindinamvepo munthu akuwanena pa tilu ya m'golosale.

Sabata imeneyo n'kuti agogo atabwera kuchokera kumudzi kudzaonetsa maso kuchipatala. Anakhala pamkeka akuonerera katundu akuunjikidwa pabalaza.

"Kodi kumtundako kwagwa maliro?"

"Iyayi agogo, tikungokayenda."

"Mukatengako chiyani?"

"Palibe. Tikangofika pamwamba, kenako n'kutsika."

"Ndiye mulipire ndalama kuti mutope?" Anapukusa mutu. "Ine ndinakuphunzitsa sukulu kuti usadzakwerenso mtunda ndi katundu."

Bambo a Tadala anayesa kuwafotokozera amayi awo kuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, kuti kuli mkungudza womwe sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndiponso kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo ofunika a dziko lonse. Agogo anati iwo za UNESCO sazidziwa, chomwe amadziwa n'chakuti phirilo lili ndi eni ake. Ukapeza chakudya chili chokonzakonza panjira, umadya wekha mwakachetechete, osaitana mnzako, osatengako chopita nacho kunyumba. Oona za chitetezo aja anaseka kwambiri, nati iwo ndi mkhristu, zoterezi sazilabadira. Mawa lake anaitana abusa kudzapempherera jombo, ndipo madzulo anamveka akufunsa agogo motsitsa mawu ngati chakudyacho chimakhala ndi ndiwo.

M'nyumba monsemo munali munthu mmodzi yekha amene anapondapo phiri la Mulanje: Anti, mtsikana wantchito. Kwawo ndi m'munsi mwa phirilo, kupitirira pa Chitakale. Anakula akukwera kukatola nkhuni, n'kutsika nazo pamutu dzuwa lisanapendeke. Mlongo wake amathamanga nawo mpikisano wa onyamula katundu wa chaka ndi chaka, uja amakwera phiri n'kutsika makilomita oposa 20 m'maola ochepa, ena ali opanda nsapato. M'komiti sanamuike. Ntchito yake inali kubweretsa tiyi ndi mandasi pa misonkhano. Tsiku lina akuchotsa makapu anangoti mu Juni ndi Julayi kumagwa chiperoni, nkhungu imatseka mwadzidzidzi moti sungaone mnzako ali pafupi, ndipo jombo zatsopano zimatupitsa matuza munthu asanafike ndi pa Dziwe la Nkhalamba pomwe.

"Anti," anatero mayi a Tadala mokoma mtima, "izi ndi za haiking'i. Si zotola nkhuni."

Lipoti la msungichuma linawerengedwa kutatsala masiku anayi. Matisheti, jimu, jombo, majekete, matochi, pawabanki ziwiri, mandasi a pa misonkhano, ndi ngongole ya ku banki m'khonde yomwe inali itayamba kale kubereka. Yotsala sinkakwana ngakhale mafuta ofikira ku Thyolo. Mafutawonso n'kuti akusowa, ndipo wapampando anali atagona usiku wathunthu m'galimoto pamzere wa pa filing'i siteshoni, zomwe anazilemba pagulu kuti kunali kuzolowetsa thupi kugona pozizira. Nkhuku imodzi inali itadyedwa kale tsiku lomwe kunabwera abusa.

Komiti inagwirizana kuti ulendo uyambe waima kaye, chifukwa cha nyengo.

Sikuti zinapita pachabe. Loweruka banja lonse linavala matisheti otuwa aja kupita ku Chichiri kukagula buledi, ndipo anthu anawapatsa ulemu woyenera. Kutchalitchi ena ayamba kale kuwatchula kuti a Sapitwa, ndipo iwo sakana. Akafunsidwa za kumtundako amapumira m'mwamba n'kunena kuti phiri lija si lamasewera, lifunika kukonzekera.

Kumapeto kwa mwezi Anti anapempha masiku atatu kuti akaone amayi ake. Bambo a Tadala anamuperekeza okha mpaka pageti, chinthu chomwe sanachitepo, n'kumuwonjezera ya minibasi.

"Anti, mukafika mukatijambulireko phirilo. Lioneke bwinobwino, ndi mitambo yomwe." Anakanda m'mutu. "Koma inuyo musaonekemo."