Chigoba Chogulira, Chigoba Chogulitsira

Pamsika wa kwa Mposa palibe wamalonda amene anapindulapo. Funsani mayi aliyense wogulitsa matemba a m'nyanja ya Chilwa, akuuzani kuti akungofuna katundu athe basi, "mpamba womwe sukubwerera, achimwene." Chaka chamawa mudzawapeza pomwepo akulirabe, koma nyumba atafolera malata.

Wogula nayenso ndi wabodza mnzawo. Amafika atabisa K5,000 m'thumba lam'kati, kunjaku n'kusiya timakwacha tong'ambika tochitira umboni umphawi. Mwambo wake ngwakuti usayambire pa chimene wadzera. Ukafuna mlamba wowamba, yamba wafunsa tomato, udandaule za dzuwa, kenaka uloze mlambawo ndi mlomo ngati wakulakwira. Akatchula mtengo gwira pakamwa. "Iii mayi, mukufuna mugulire galimoto pa ine?" Ukatero nyamuka, koma mwapang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo. Ukafulumiza miyendo sakuitana, ndipo kubwerera wekha n'chitonzo chooneredwa ndi msika wonse.

Ubale umamera pomwepo. Ukamafika ndiwe "bwana", "ankolo", mwinanso "apongozi". Ukayamba kunenerera watsika, ndiwe "achimwene". Ukapempha ngongole amayamba kuingitsa ntchentche.

Koma nkhani yeniyeni ili pa chigoba. Venda wochokera ku Liwonde akabwera kudzapikula mpunga nthawi yokolola, chigoba chake chimakhala chotupa mimba: anachithira madzi otentha, nachiponda m'kati mpaka chinafutukuka. Akuti ncha malita 5. Mpunga womwewo ukafika pabenchi umayezedwa ndi chigoba china, nachonso cha malita 5, chomwe thako lake linalowa m'kati kalekale. Mukachiyang'anitsitsa, mwini wake amasenjerera mpunga pamwamba ndi manja awiri mpaka kuoneka ngati phiri la Chikala, inu n'kuthokoza.

Zoterezi si za kwathu kokha: mtolankhani Henry Mayhew analemba mu 1851 kuti ogulitsa m'misewu ya London ankawiritsa malalanje kuti atupe, ndipo miyezo yawo ina inali ndi pansi pabodza. Koma tisawanamizire Azungu kuti anatiphunzitsa. Izi tinazitulukira tokha.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale nkhwani wa kudimba la kuseri kwa nyumba anakwera. Ukafunsa chifukwa, gogo amene sanaionepo dola amakuyankha mosaphethira: "Dola, mwanangu."

Wodulitsa ziphaso za msika akatulukira, theka la amalonda limasanduka ogula. Munthu amaima pambali pa mulu wake womwe, akuunena kudula. "Eni ake apita kukamwa madzi."

Pomaliza pamabwera banyira, timatemba tiwiri toponyedwa m'jumbo mwaulemu waukulu, jumbo yake yogulanso. Ukatulutsa K5,000 ija, mayi amaitembenuza uku ndi uku, nakuyang'ana iwe amene umalumbira kuti watsala ndi ya kabaza yokha.

"Tchenje palibe, apongozi. Ingotengani mulu wina."