Boma iyanganepo

Ku Kanyama, mu Lusaka, tili ndi galimoto yotola zinyalala yomwe silipiritsa, sifuna dizilo, ndipo sinaphonyepo chaka. Imafika mu Novembala, ikachedwa mu Disembala, ndipo isanafike imayamba yaliza hutala kumwamba. Anthu a kumayadi, a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, amaitcha mvula. Ife a m'komboni timaidziwa ndi ntchito yake.

Mitambo ikangoda, mudzaona changu chomwe simunachione chaka chonse. Matumba amene akhala kuseri kwa chimbudzi kuyambira mu Julayi amatuluka ngati inswa. Mwana yemwe amakana kutumwa kukagula mchere pakantemba amathamanga yekha, mayi ake akukuwa pambuyo kuti, "Fulumira iwe, isanakate!" Onse ulendo ndi wa kungalande, imene kuno timati mufolo. Mmenemo mumalowa matewera a ana, mapaketi a Chibuku, phulusa la pambaula, mapulasitiki, nthenga za nkhuku ya Khrisimasi yatha, nthawi zina ndi matiresi amene atopa ndi dziko.

Amanyazi timapita usiku, ndipo usikuwo uli ndi mwambo wake. Mukakumana ndi mnansi wanu pamufolo, aliyense atasenza thumba la ufa la makilogalamu 25 lomwe mulibe ufa, thumbalo simuliona. Mumapatsana moni waulemu wonse.

"Mwachoma bwanji, aneba?"

"Tachoma, kaya inu. Tangotuluka kupitidwako mphepo."

"Ee, m'nyumbamu mukutentha."

Mukatero mumaima mokhala ngati mukuwerenga nyenyezi, mpaka mmodzi atsokomole, kenako kumamveka kuti phava! phava! Aliyense amabwerera kwawo mapewa atapepuka. M'mawa mukakumana pampopi mumagwirizana kuti anthu a masiku ano ndi auve.

Sikuti otola zinyalala enieni kulibe. Amabwera, anyamata a mawilibala ndi kabuku ka malisiti, ndipo zimene atola zimakathera ku Chunga, kumtaya wa mzinda. Vuto lawo ndi limodzi: amafuna ndalama pakutha pa mwezi. Akangotulukira pakona, yadi yonse imasanduka ya ana amasiye. Pakhomo loyamba abambo kulibe. Pachiwiri amayi apita kumaliro ku Petauke. Pachitatu mwana amatuluka n'kunena kuti, "Adadi akuti kulibe." Alendi timati olipira ndi eni nyumba. Eni nyumba athu, mkulu wa chipewa ndi mimba yaulemu, anatiyankha tsiku lina kuti iwo amadya lendi basi, ndipo lendi ilibe makoko. Ndalama ya zinyalalayo ndi yosafika pa imene ena a ife timasiya kubala Lachisanu limodzi, koma mowa umamwedwa pomwepo, pamene ukhondo suoneka kukoma kwake pakhosi.

Eni nyumba omwewa ndi amene anaona kuti kuseri kwa yadi, pomwe madzi ankadutsa, pali malo ongokhala. Anagula mabuloko, anaitana mmisiri, pakutha pa milungu itatu panali chipinda china cholipiritsa. Nditawafunsa kuti nanga madzi azidutsa pati, anandiyang'ana ngati mwana wosaphunzira.

"Madzi ali ndi nzeru, mwana wanga. Adzapeza pena."

Anapezadi. Anapeza kwa ine.

Unali usiku wina mu Febuluwale, cha m'ma 2 koloko. Ndinadzuka kuti ndikataye madzi, ndipo nditatsitsa phazi ndinapeza kuti madziwo andilondola okha mpaka pabedi. Anali m'akakolo, ozizira, ndipo fungo lake silinali la mvula yochokera kumwamba. Patapata wanga mmodzi anali atanyamuka kale ulendo. Mbaula inkazungulira pakati pa chipinda pang'onopang'ono ngati mlendo wofuna pokhala. Nditakankha chitseko, chinakana. Nditakankha ndi phewa, ndinapeza kuti chatsamiridwa ndi thumba lalikulu, lonenepa, lomwe linali litayamba kusanza makoko a mbatata pakhonde panga.

Pamenepo ndinalankhula. Ndinalankhula za anthu a kumtunda osaleredwa, obadwira m'tchire, ofunika kuwakweza basi ya ku Intercity abwerere kwawo. Ndinanena kuti mwini thumbali ndikam'dziwa tikathera kupolisi. Akazi anga anali chete, ataimirira pabedi ndi mwana kumsana, akuwalitsa tochi ya pafoni.

"Atate ake mwana," anatero mofatsa, "taonani bwino chomangira thumbalo."

Ndinawerama. Pakamwa pa thumba panali tayi yofiira ya mizere yoyera, yomangidwa mfundo ziwiri. Tayi imeneyo ndinavala paukwati wathu. Itadyedwa ndi makoswe, ndine ndemwe ndinaitenga kumangira thumba dzana lake usiku, popita kukapitidwa mphepo. Thumba linayenda mtunda wake, linapeza njira itatsekedwa ndi matumba anzake, ndipo linachita zimene mwana aliyense woleredwa bwino amachita kunja kukada: linabwerera kwawo.

Akazi anga sanaonjezere mawu. Anangosiya tochi ili pa tayi kwa kanthawi kotalikirapo kuposa mmene zinafunikira.

Kutacha, komboni yonse inali nyanja. Msewu wa Los Angeles, womwe dzina lake limamveka ngati muli mafilimu, unkafuna bwato. Anyamata anali atatsegula kale bizinesi: wina kuolotsa anthu pawilibala, wina kubereka azimayi kumsana, wina wayala miyala ndi mabuloko, woponda alipire. Ndinaona bambo wa jekete ndi jombo, nsapato zake zili m'pulasitiki pamutu, akukangana mtengo ndi mnyamata wom'bereka ali pakati pa madzi, malo amene munthu wanzeru sakangana ndi wom'nyamula.

Cha m'ma 10 koloko kunafika atolankhani ndi kamera. Kamera imachiritsa. Amene usiku ankabisala ndi matumba anatuluka atasamba, ndipo woyamba kugwira maikolofoni anali eni nyumba athu. Anaima pakhonde la chipinda chatsopano chija, ndendende pomwe panali njira ya madzi, anavula chipewa, nanena ndi mawu achisoni kuti, "Tavutika maningi kuno. Boma iyanganepo."

Tonse tinavomera. Nanenso ndinavomera, tayi ili m'thumba la buluku.

A Chichewa cha m'mabuku adzandikonza kuti ndi "boma liyang'anepo." Asavutike, mawuwa mu Lusaka anakhwima momwemo ndipo amagwira ntchito ngati mankhwala a sing'anga wa pa Soweto Market, ochiza mutu, msana ndi banja lomwe. Mwana amene chaka chonse ankaonera mpira m'malo mowerenga akalephera giredi 7, boma iyanganepo. Bambo akalandira malipiro pa 28, pa 2 n'kukhala ali pamzere kwa wakaloba, boma iyanganepo. Tsiku lina m'minibasi yochokera ku City Market ndinakhala ndi mayi amene anadandaula za uve wa mzinda uno ulendo wonse, akukukuta chimanga chootcha. Atamaliza anatsegula zenera, chitsononkho n'kuuluka, napukuta pakamwa n'kumalizitsa kuti, "Kaya akhonsolo amagwira chiyani." Boma limeneli liyenera kuti lili ndi maso ambiri kuposa chinanazi.

Tsono ndisanamizire anthu anzanga zonse, ena angati ndagulidwa. Kanyama ndi malo athyathyathya, ndipo pansi pake pali mwala wa laimu wokhala ndi mapanga ndi ming'alu. Madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti dzinja likakhwima nthaka imakhuta, osalandiranso dontho. M'ming'alu imeneyo chimbudzi chokumba ndi chitsime chosazama zimapatsana moni mobisa, monga ife pamufolo. Mwala umenewo sitinauike ndife. Sindifenso tinalola kuti makomboni akule popanda mapaipi a zonyansa, anthu n'kumachuluka chaka ndi chaka. Pamenepo boma liyang'anepo ndithu, ndi maso onse awiri. Koma pomwe linayang'anapo kale, ife tinayang'ananso mwathumwathu. Dziko la America linapereka madola 355 miliyoni okonzera madzi, ukhondo ndi ngalande za Lusaka, ndipo ngalande ya Bombay inamangidwa ya konkire, yotakata bwino. Pitani mukaisuzumire mvula ikagwa. Mabotolo a pulasitiki amayenda mmenemo ngati gulu lopita kumsonkhano wa chipani.

Pali nyengo imodzi yokha imene tonse timatembenuka mtima, ndipo siseketsa. Kolera itabuka mu Okutobala 2017, inagwira anthu oposa 5,000. Kumapeto kwa Disembala Pulezidenti Edgar Lungu anatulutsa asilikali kuti ayeretse mzinda. Mavenda anachotsedwa m'misewu, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo mu Januwale 2018 ku Kanyama kuno analetsa kuyenda usiku. Masiku amenewo tinali anthu aukhondo zedi. Munthu amene sanagwirepo tsache chibadwire ankasesa msewu mwaluso, msilikali ataima pambali. Pakhomo pa shopu iliyonse panali ndowa ya kampopi ndi sopo. Kutchalitchi tinaleka kugwirana chanza. Matenda atatha, ndowa zija sizinatayidwe, ife si anthu owononga. Zina mukugulitsidwa munkoyo mpaka lero.

Kolera inabweranso mu Okutobala 2023, yaukali kuposa kale. Odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700. Bwalo la National Heroes, limene timapitako kukakuwira Chipolopolo, linadzaza mabedi, ndipo achibale ankaima kunja kwa geti kudikira kumva ngati dzina la munthu wawo lili pa amoyo. Ana amene ankayenera kutsegulira sukulu pa 8 Januwale 2024 anatsegulira pa 12 Febuluwale. Pa yadi yoyandikana nafe panachoka mwana wa zaka zosakwana zisanu, amene madzulo ankasewera ndi wanga. Pamalirowo panalibe wonena kuti boma iyanganepo. Panalibe wonena chilichonse.

Nthawi yomweyo Pulezidenti Hakainde Hichilema analangiza kuti ena a m'tauni aganizire zobwerera kumidzi, kumene malo ndi ambiri. Pa yadi pathu tonse tinagwedeza mitu kuvomereza, aliyense akuyang'ana chitseko cha mnzake.

Za kusesa pamodzi si zachilendo. Levy Mwanawasa anayambitsa kampeni yoyeretsa dziko mu 2007, Lungu anaidzutsanso mu 2018, ndipo panaikidwa Loweruka limodzi pamwezi loti tonse tigwire tsache. Loweruka limenelo limadwalitsa misana kuposa tsiku lina lililonse. Madzi osefukira a mu Febuluwale aja ataphwa, atcheyamani a dera lathu anaitanitsa ntchito yofukula mufolo. Tinafika anthu asanu ndi awiri: azimayi asanu, ine, ndi eni nyumba athu, amene anabwera ndi ndodo yolozera. Anyamata owolotsa anthu aja anakhala pakhoma n'kumatiyang'ana ndi diso loipa, poti tinkawaphera msika. Tinafukula matayala, thanki la chimbudzi losweka, theka la sofa, ndi patapata wanga uja, yemwe anali atayenda mayadi anayi okha.

Mwezi wotsatira anyamata a mawilibala atatulukira pakona, ndinachita chinthu chimene chinadabwitsa yadi yonse. Ndinapezeka kuti ndilipo. Ndinalipira, anandilembera lisiti, ndipo mnyamatayo anandiyang'ana kawiri ngati ndam'patsa ndalama yachinyengo. Tsopano thumba langa limaima pageti Lachiwiri lililonse m'mawa, poyera, lomangidwa ndi chingwe wamba.

Chodabwitsa n'chakuti limanenepa usiku. Ndimaliika Lolemba madzulo lili theka, pofika m'mawa lakhuta mpaka pakamwa, ndipo muli zinthu zimene banja langa silidya. Sabata yatha munali mitu ya nsomba za buka, mapaketi asanu ndi limodzi a Chibuku, ndi chipewa chakale chomwe yadi yonse ikuchidziwa mutu wake. Eni nyumba athu, ngati mukuwerenga izi, chipewacho ndachichapa, chili pachingwe. Lisiti ya mwezi uno tigawana pakati.