Kuphwetsa mimba m'dzina la anthu aulumali

Bwana, lamba akafika pa bowo lomaliza, adokotala n'kuyamba kutchula za BP ndi shuga, musayambe kudya mgaiwa ndi chibwabwa mwakachetechete ngati munthu wamba. Mukaonda popanda chilengezo, abale amayamba kunong'onezana kuti mukudwala. Lengezani pa Facebook kuti muyenda wapansi kuchokera ku Lusaka mpaka ku Chongwe pofuna kuthandiza anthu aulumali.

Mtunda wake ndi wabwino: makilomita pafupifupi 45 pamsewu wa Great East, kuposa pang'ono marathon ya makilomita 42.195. Pakamwa pasaterereke n'kutchula mlatho wa Luangwa. Kumeneko ndi makilomita oposa 200, ndipo akazi anu akadali aang'ono kuti avale zakuda.

Yambani ndi kugula. Nsapato za ku Manda Hill, wotchi yowerenga mapazi, botolo la madzi lokhala ndi kampope, ndi masikipa osindikizidwa nkhope yanu pachifuwa. Dzina la bungwe lomwe mukulithandizalo likhale kumsana, m'munsi, m'zilembo zofuna magalasi. Zonsezi zikaposa mtengo wa njinga ya munthu wolumala, musadandaule. Njingayo ikanathandiza munthu mmodzi, pomwe sikipa idzaonedwa ndi mzinda wonse.

Chachikulu ndi ichi: eni akewo musawafunse chimene akufuna. Angakuuzeni zinthu zosajambulika, monga khomo la ofesi lopanda masitepe, mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja, kondakitala wosalipiritsa njinga ngati munthu wachiwiri, kapena kuti lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 lichoke papepala. Angakutumizeni ku misonkhano ya ZAPD, bungwe loona za anthu aulumali, kumene munthu amangokhala pampando, mimba osatsika ngakhale pang'ono. Inu mukungofuna munthu mmodzi woima naye pachithunzi, ndipo sangasowe: kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 adapeza kuti mwa akuluakulu 10 alionse m'Zambia, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali.

Sankhani mwezi wa Okutobala, phula likamanyezimira ndi kutentha, kuti thukuta lioneke bwino. Koma musawombane ndi tsiku la mwambo wa Chakwela Makumbi, chifukwa makamera onse adzakhala kwa mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, kumene Asoli amapempha mvula, osati likes. Nyamukani 9 koloko, ojambula atadzuka. Galimoto izikutsatani pang'onopang'ono, magetsi akuphethira.

Mukadutsa mphambano ya ku eyapoti kulowera ku Silverest, mudzakumana ndi anyamata okankha njinga zosanjikiza matumba a malasha, kolala ili bii, patapata womangidwa ndi waya. Iwo adanyamuka tambala asanalire, ndipo mawa adzabweranso. Musayang'ane akatumba awo, mungagwe ulesi. Alibe wowalipirira, choncho ulendo wawo suwerengedwa. Mudzaonanso mayi pasiteji atabereka mwana wa msinkhu wopita kusukulu, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mayiyo, mfundo ya chitenje itadya paphewa. Akudikira basi ya ku chipatala cha Beit CURE kapena cha UTH, ndipo kuti afike pamsewupo wayenda kale kuchokera kumudzi. Mukwezereni dzanja, mumuuze kuti, “Amayi, tikuyendera inu!” M'galimoto musamutenge. Mwadzaza kale mabanala ndi bokosi la Mosi wozizira.

Pofika ku Chongwe kwerani sikelo nthawi yomweyo, musanamwe kanthu. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, ndipo ulendo wonsewo, ngakhale kwa munthu wa thupi ngati lanu, umawotcha pafupifupi theka lake. Makilo ena amene sikelo yachotsa ndi madzi, ndipo adzabwerera pamodzi ndi michopo ya madzulo omwewo. Ndiye jambulani msanga.

Cheke chikhale chachikulu ngati chitseko. Anzanu omwe adalonjeza kutumiza pafoni akamati “kumapeto kwa mwezi,” musawavutitse, nawonso ali ndi mimba zawo zoti azisamale. Mukachotsa za mafuta a galimoto, za masikipa ndi za wojambula, zotsalazo musafulumire kupereka. Itanani komiti ikakambirane bwinobwino ku loji, ndipo muuziretu ophika kuti tcheyamani nsima amadya mitanda inayi.