Kiyi wa Chigafa Ali ndi Agogo

*Lamlungu madzulo pamudzi wina kufupi ndi Mitundu. Pansi pa mtengo wa mango pali Hilux ya 1990, boneti yake yatsamira tsinde. Agogo aakazi akutongola chimanga pakhonde. Mdzukulu wawo, yemwe amagwira ntchito yowerengera ndalama mu Lilongwe, akufika oyilo ali mpaka m'zigongono.*

Mdzukulu: Agogo, tandibwerekaniko kiyi wa chigafa.

Agogo: Amuna anga abwera, manja ali bii. Kuchigafako mukukatani? Si inu munati muli chitsulo chakufa, tiyitane anyamata ogula zitsulo adzachipime pa sikelo?

Mdzukulu: Kapaipi kamodzi kokha, agogo.

Agogo: Ulendo watha unatinso kamodzi kokha, unatuluka ndi wilibala. Takhala apa. Galimoto ya malemu agogo ako yagona pansi pa mangowo chimanga chisanaume, lero tikutongola. Anthu ayamba kulondolerana njira ndi iyo. Akuti ukafika pa galimoto yoyasamula, ukhotere kumanja, wafika kuchigayo.

Mdzukulu: Yatsala pang'ono. Dzulo inalira, munaimva nokha.

Agogo: Ndinaimva ine, anaimva amfumu, inamveka mpaka kutsidya. Zimenezo tizifika. Yamba wandiuza, injini yake yeniyeni inakulakwira chiyani?

Mdzukulu: Inatha, agogo. Head inang'aluka, madzi amalowa mu oyilo, utsi kumbuyo tolotolo. Kuikonza kukanadya ndalama zogulira ina. Ndiye ndinapita ku Biwi n'kugula 3L yochokera ku Japan. Yakaleyo ndi 2L, ya malita 2.4, iyi ndi ya malita 2.8. Zonse ndi za dizilo, zonse za Toyota, mabawuti a ku giyabokosi amagwirizana ndendende. Papepala inali ntchito ya Loweruka limodzi.

Agogo: Papepala.

Mdzukulu: Papepala.

Agogo: Nanga wokugulitsayo anati anaichotsa m'galimoto yanji?

Mdzukulu: Sindinafunse.

Agogo: Fizi yonse ija ku Blantyre, funso limodzi osalipeza.

Mdzukulu: Inali ya Hiace, minibasi. Mu minibasi injini imakhala pansi pa mpando wa dalaivala, ndiye zomangira zake n'zina. Titaikoleka pa tcheni n'kuyamba kuitsitsa...

Agogo: Panthambi yanga.

Mdzukulu: Panthambi yanu, inakana kukhala. Sampu, mosungira oyilo pansi pa injini muja, imagunda difu ya kutsogolo, poti galimoto iyi imakoka mawilo onse anayi. Kwezani, tsitsani, pendekani, kanthu ayi. Mnzanga wa ku banki anati tingoimenya ndi hamala ipindike pang'ono.

Agogo: Uja amagwira sipanala atavala magolovesi?

Mdzukulu: Yemweyo. Aphunzitsi aja ndiwo anamulanda hamalayo. Mkati mwa sampu muli paipi yoyamwa oyilo, ndipo kukamwa kwake kuli pafupi kwambiri ndi pansi. Ukapinda chitsulocho watseka poyamwira, injini n'kumazungulira youma, mphindi zochepa yagwira. Anati njira ndi imodzi: timasule sampu ya injini yakale, paipi yake, chopimira oyilo, ndi mabulaketi a m'mbali, tiziike pa yatsopanoyo.

Agogo: Za injini iti?

Mdzukulu: Yakale.

Agogo: Khutu ili lakalamba, takwezako mawu.

Mdzukulu: Yakale, agogo! Ya m'chigafa!

Agogo: Ehee. Tsopano anzako amenewa, amene amadzaza bwalo langa Loweruka lililonse, umawalipira zingati?

Mdzukulu: Sitilipirana. Tonse timangokonda magalimoto akale. Aliyense ali ndi yake imene ikumusowetsa tulo. Aphunzitsi ali ndi Land Rover, anamwino aja ali ndi Corolla, wa ku banki ali ndi Datsun 1200 imene palibe anaionapo ikuyenda. Mwezi uno tili kwa ine, ikatha iyi tipita kwa wina. Palibe makaniko pakati pathu, koma aliyense analakwitsapo chake, ndiye amachidziwa chimenecho.

Agogo: Ndiye dima limenelo. Koma dima la kwathu, mwini munda ndiye amafulula mowa ndi chimera chake. Lako ili munda ndi wako, nkhuku ndi zanga. Tambala wofiira anapita tsiku la sampu. Thadzi lamawanga linapita tsiku la chigudumu chija.

Mdzukulu: Flywheel.

Agogo: Chimenecho. Tsiku limene munatulutsa injini yonse mutaimanga kale.

Mdzukulu: Minibasiyo inali ya otomatiki. Ya otomatiki ilibe kilatchi, kumbuyo kwa injini kumangokhala kachimbale kopyapyala. Yathuyi ndi ya magiya a dzanja, imafuna flywheel yolemera yoti kilatchi igwirepo. Tinakatenga ya yakale.

Agogo: Ya m'chigafa.

Mdzukulu: Ya m'chigafa, pamodzi ndi mabawuti ake, chifukwa a otomatiki ndi aafupi. Zimenezo tinaziona. Chimene sitinaone ndi kabeyaring'i kakang'ono kamene kamakhala pakati penipeni kumbuyo kwa injini, kolandira nsonga ya shafiti ya giyabokosi. Injini ya otomatiki imabwera popanda kameneko. Tinali titamanga mabawuti onse, tikusamba m'manja, anamwino n'kufunsa kuti kabokosi kali pampandoka kabwera ndi ndani, nanga n'chifukwa chiyani sikanatsegulidwe.

Agogo: Mtsikana ameneyo ndimamukonda. Akafika amayamba wandipatsa moni, kenako n'kuyala thumba, bawuti iliyonse pamalo pake. Amuna inu mumaponya mumchenga, nkhuku n'kumafukula.

Mdzukulu: Akanapanda kufunsa, shafiti ikanamagwedera mpaka kuwononga giyabokosi.

Agogo: Nanga mthiko wanga unalowa pati pamenepa? Ndaufuna kukhitchini, ndaufuna pathandala, ndakaupeza pansi pa galimoto utasongoledwa.

Mdzukulu: Pomanga kilatchi, mbale yake imayenera kukhala pakati ndendende. Ikapendekera ngakhale pang'ono, giyabokosi siilowa, mungakankhe mpaka mawa. Pali kachida kake koongolera, koma tinalibe. Aphunzitsi anati mtengo uliwonse wowongoka ugwira ntchito.

Agogo: Mudzi wonse uno mitengo, aphunzitsi n'kuona wowongoka mthiko wanga. Mukanafunsa. Agogo ako ankaongolera ndi shafiti ya giyabokosi yakufa. Anaidula ndi sowo, ili pamsomali kuseri kwa chitseko cha chigafa chomwecho. Mwaidutsa kangati?

Mdzukulu: Bwanji simunanene?

Agogo: Unandiuza kuti za magalimoto n'zovuta, ndizingotereka madzi a tiyi. Ndinatereka.

Mdzukulu: Koma pena ndinachita bwino. Timing belt ndinasintha injini isanalowe. Buku limati pa makilomita 100,000 alionse, ndipo iyi palibe akudziwa kuti inayenda mtunda wanji ku Japan. Lamba ameneyo akaduka galimoto ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu, ndalama zonse zapita. Anzanga ankati akuoneka watsopano, ine ndinakana.

Agogo: Pamenepo ndiye fizi inabwererako pang'ono. Kamba za kulira.

Mdzukulu: Poyamba sitata inangoti khe, basi. Tinasintha batire, khe. Ndiye inu munafuula muli pompano kuti kukununkha chopserera.

Agogo: Mphuno siinapite kusukulu koma imagwira ntchito.

Mdzukulu: Tinaiwala waya wonenepa wa earth, wolumikiza injini ku chassis. Moto unasowa pobwerera, unayamba kudutsa mu kebulo ya akiseleta, kebuloyo n'kutentha. Titamanga wayayo inayamba kuzungulira bwinobwino, koma osagwira. Apa ndiye panabuka mtsutso. Aphunzitsi akuti pampu ya dizilo yafa. Wa ku banki akuti ndalakwitsa timing. Wina uja wandevu akuti ma heater plug, ngakhale dzuwa linali pamutu.

Agogo: Munatsutsana mpaka nsima kuzizira. Mabatire awiri kutha, wachitatu munabwera kudzazula wa sola wanga, ine n'kugona mumdima osamva uthenga wa maliro pawailesi. Ndipo anakutulutsani ndani?

Mdzukulu: Inu.

Agogo: Khutu lija layambiranso.

Mdzukulu: Inu, agogo.

Agogo: Dizilo safuna mpweya. Agogo ako akangotherwa mafuta panjira ya ku okishoni ku Kanengo, mabelo a fodya ali kumbuyo, ntchito yanga inali imeneyo. Kubinya kachipewa ka pamwamba pa filter mpaka kalimbe pachala. Iwo amasule pang'ono manati a mapaipi pa ma injector, azungulitse injini, thovu lituluke, akaona dizilo weniweni akudontha amange. Ndinachita zimenezo ndili ndi amayi ako kumsana. Inu anthu asanu ndi mafoni asanu.

Mdzukulu: Ndiye inalira.

Agogo: Inalira. Munavina, wa magolovesi anakumbatira aphunzitsi. Kenako ndinaona mwamuna wanga watsika m'galimoto, kiyi ali m'manja, injini ikulirabe. Wayang'ana kiyi, wayang'ana injini, n'kuyamba kuionetsa kiyiyo kuti ione kuti wachotsa.

Mdzukulu: Sindimaionetsa. Ndinangodabwa.

Agogo: Unaionetsa. Ndinaseka mpaka chimanga kutayika.

Mdzukulu: Injini ya dizilo ilibe mapulagi oti uwadulire moto. Imazima ukaimana mafuta. Papampu pali ka solenoid, kakalandira moto kamatsegula njira ya dizilo, moto ukachoka kamatseka. Waya wake umayenera kuchokera ku kiyi. Mnzanga wa ku banki nthawi ya mtsutso ija anaulumikiza ku batire mwachindunji kuti ayese, n'kuiwala kuubwezera. Wandevu anathamangira kuti azule batire, anamwino n'kumugwira dzanja. Anati alternator ipitiriza kupereka moto, injini siizima, ndipo alternator yomweyo ikhoza kupsa. Anangotambasula dzanja n'kusolola kawaya kamodzi papampu. Zii.

Agogo: Mtsikana ameneyo.

Mdzukulu: Ndiye chatsala ndi kapaipi ndanena kaja.

Agogo: Kamene kagwetsa thandala langa m'mawa muno?

Mdzukulu: Mwaona?

Agogo: Ndinali kutchalitchi, koma mbale zinali pathandala popita, pobwera ndazipeza pampando. Thandala lagona chammbali, lachirikizidwa ndi njerwa. Ukuganiza kuti maso anatsala kutchalitchi?

Mdzukulu: Ndimafuna kuisuntha pang'ono chabe. Nditaponda buleki, gwa, osatsika. Buleki imafewa chifukwa pali chothandizira chimene chimafuna mpweya wokoka. Pagalimoto ya petulo injini imakoka yokha. Ya dizilo siikoka, ndiye kumbuyo kwa alternator anaikako kapampu kake. Paipi yochokera pamenepo kupita ku buleki ndi imene palibe. Ya minibasi siikufika. Mabuleki alipo ndithu, koma amafuna mwendo wa munthu wolima.

Agogo: Umene iwe ulibe. Chabwino, tiwerengere, poti kuwerengera ndi ntchito yako. Tambala mmodzi.

Mdzukulu: Agogo, tambalayo munadya nawo.

Agogo: Ndinadya khosi. Lemba. Thadzi limodzi, ndipo linali loikira, uwerengere ndi mazira omwe. Mthiko. Thandala, umange wekha, osatuma ana. Sopo, poti anzako amasamba m'manja ndi wa m'paketi wochapira zovala za kutchalitchi. Nthambi ya mango yasupuka khungwa ndi tcheni, mango a mbali imeneyo chaka chino ndi ngongole. Sampu, chigudumu ndi mabulaketi ndakubwereka, sindinakugulitse.

Mdzukulu: Ndikazibweza bwanji zili pagalimoto?

Agogo: Galimoto yake ya yani?

Mdzukulu: Yanu.

Agogo: Ndiye zili pamalo pake. Tsopano risiti ya injiniyo uli nayo?

Mdzukulu: Ili penapake m'galimoto.

Agogo: Ili m'Baibulo langa. Ndinaitola pansi pa mango mbuzi itayamba kale kudya ngodya. Injini iliyonse ili ndi nambala yake yodinda pachitsulo, ndipo imene yalembedwa mu bulubuku ndi ya ili m'chigafayo. Wapolisi akatsegula boneti pa rodibuloko n'kupeza nambala zikusiyana, udzamufotokozera za papepala zakozo uli kuseri kwa kauntala. Ziyenera kukasinthidwa ku Road Traffic, ndi risiti yosonyeza kumene injini yachokera.

Mdzukulu: Zimenezo aphunzitsi ananena. Ndipita ndekha sabata yamawa.

Agogo: Upita ndi chala cha yani? Agogo ako atamwalira galimoto inalowa m'dzina langa. Tipita tonse, ine kutsogolo. Tikamaliza ukandigulire tchipisi, cha nyama, osati cha kabichi yekha.

Mdzukulu: Ndavomera zonse. Kiyi uja tsopano.

Agogo: *(akumasula mfundo ya pangodya ya chitenje)* Nayu. Koma paipiyo m'chigafa mulibe. Ili kuseri kwa khitchini, ndimakokera madzi a mvula mu mgolo. Uitsuke, uiumitse, ndipo undigulire ina.

Mdzukulu: Ndiye kiyiyu ndi wa chiyani?

Agogo: Ukaone shafiti ija pamsomali, kuti ukapita kwa mnzako wa Datsun usakasongole mthiko wa mayi ake. China, ulendo wa ku Lilongwe ayendetse ndi anamwino aja. Iwe ukhala kumbuyo. Ndipo uwafunse ngati ali pabanja.

Mdzukulu: Agogo!

Agogo: Sindikufunsira iwe ayi. Amalume ako ku Nathenje ali ndi thirakitala yakufa.