Chikhalidwe cha Mphunzitsi Kuchokera pa Imvi Yoyamba Kufikira pa Penshoni

Mphunzitsi wa pulayimale wa zaka zapakati, kutanthauza amene wadutsa zaka 40 koma sanakwanitse zaka 60 zimene boma linaika kuti munthu atule pansi choko, ndi cholengedwa chimene akatswiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu sanachilabadire kwenikweni, ngakhale kuti chimapezeka m'boma lililonse kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje ndipo sichivuta kuchipeza chifukwa sichikhala ndi ndalama yoyendera. Munthuyu amadziwika patali ndi fumbi loyera pathumba la buluku, cholembera chofiira pathumba la shati, ndi jekete limodzi lomwe limagwira ntchito kutchalitchi, kumaliro, kuukwati ndi kubanki popanda tchuthi. Mlembi wa nkhani ino ali ndi ufulu wonse wofotokoza za mtunduwu popeza anakhala m'gulu lake mpaka tsiku lopuma, ndipo kafukufuku wake sanafune thandizo la mabungwe akunja chifukwa galasi lodziyang'anira ndi mayi a kunyumba anapereka umboni wokwanira.

Ambiri mwa aphunzitsi amene akuyandikira kupuma pantchito masiku ano ndi mbewu ya chaka cha 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Popeza ana savuta kupeza koma aphunzitsi samera m'dimba, boma linalemba ntchito achinyamata zikwizikwi amene anali ndi satifiketi ya JCE kapena MSCE, linawalangiza kwa masabata ochepa, kenako linawapatsa choko ndi kuwalozera mtengo wa mango kuti ndiyo kalasi. Maphunziro enieni a uphunzitsi anabwera pambuyo kudzera mu MIITEP, ndondomeko yomwe inayamba mu 1997, imene inkatengera mphunzitsi ku koleji kwa miyezi itatu kenako n'kumubwezera pansi pa mtengo wake uja kuti akapitirize kuphunzira uku akuphunzitsa.

Mfundo yaikulu ya kafukufukuyu ndi yakuti mphunzitsi ndi munthu amene anabadwira kuwonkhetsa zinthu za eni ake. Ntchitoyi imayamba m'mawa ndi kaundula, buku limene mumalembedwa mayina a ana onse a m'kalasi kuti adziwike amene abwera ndi amene apita kukadyetsa mbuzi. Cholinga cha boma ndi chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma ku Sitandade 1 ya kumudzi ana amapitirira 100 mosavuta, kotero kuti mphunzitsi akamafika pa dzina lomaliza, oyambirira aja amakhala atatuluka kale ndi makapu awo kukaima pamzere wa phala. Kuwonjezera pa kaundula pali sikimu, dongosolo la zonse zimene aphunzitse teremu yonse, ndi lesoni pulani, dongosolo la phunziro limodzi, ndipo zonsezi zimalembedwa usiku ndi tochi ya foni kuti akazione PEA, mlangizi woyang'anira sukulu za m'dera limodzi lotchedwa zoni. Kale kubwera kwa mlangiziyu kunkadziwika ndi kulira kwa njinga yamoto, ndipo sukulu yonse inkachita bata nthawi yomweyo, koma chichulukireni njinga zamoto za kabaza mphunzitsi wa zaka zapakati amadzidzimuka kangapo patsiku popanda chifukwa, chinthu chimene madokotala akayeza magazi ake samachiwerengera.

Ndondomeko ya maphunziro nayo siikhalitsa. Mu 2007 kunabwera PCAR, kusintha kwa silabasi kumene kunalimbikitsa kuti ana azikambirana m'magulu, ndipo mu 2016 kunabwera ndondomeko yatsopano yophunzitsira kuwerenga. Kusintha kulikonse kumabwera ndi msonkhano ku TDC, likulu la zoni kumene aphunzitsi amakaphunzitsidwa, ndipo kumeneko munthu wa imvi amauzidwa mwaulemu kuti zimene wakhala akuchita zaka zonsezi sinali njira yake, amapatsidwa banzi ndi chakumwa, n'kubwerera kukagawa ana oposa 100 m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi pansi pa denga lodontha. Alangizi amakondanso TALULAR, njira yophunzitsira ndi zipangizo zopezeka pafupi monga timiyala, timitengo, njere za chimanga ndi zotsekera mabotolo. Pa zonsezi zotsekera mabotolo ndizo zabwino koposa pophunzitsa masamu, koma malo amene zimapezeka zambiri ndi kuseri kwa bala, ndipo mkulu wa mpingo akaoneka Loweruka m'mawa atawerama kuseri kwa bala ndi jumbo m'manja, palibe lesoni pulani imene ingamuyeretse pamaso pa amayi a mvano.

Pa nkhani ya kukwezedwa pantchito palibe zambiri zonena chifukwa palibe zambiri zimachitika. Mphunzitsi ankalowa pa giredi yotchedwa PT4, yomwe inali yapansi, ndipo pamwamba pake panali PT3, PT2 ndi PT1, masitepe amene anthu ena amangowamvera mbiri. Akakwezedwa, kalata imafika chaka china ndipo malipiro ake chaka chinanso, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kumatchedwa maariyasi, ndalama zimene munthu ali nazo ndithu koma sangagulire mchere.

Mwezi wa mphunzitsi uli ndi magawo awiri osafanana, ndiwo masiku atatu a malipiro ndi masiku otsalawo. M'gawo loyamba amapita kuboma, amaima pamzere wa makina a banki pamodzi ndi anzake a zoni yonse, ndipo pobwerera amanyamula shuga, sopo, mafuta ophikira ndi chambo chimodzi chimene amachikoleka pachiwongolero cha njinga kuti anthu aone. M'gawo lachiwiri chuma chake chimayendetsedwa ndi kope la ngongole la pagolosale, limene liyenera kufotokozedwa mwatsatanetsatane chifukwa ndilo chikalata chofunika koposa pa moyo wake. Kopeli ndi la sukulu lomwe, lopindika m'makona, lothimbirira ndi mafuta ophikira, lomangiriridwa ndi kachingwe kukauntala, ndipo tsamba lililonse lili ndi mutu wake, mwachitsanzo "Aphunzitsi a Sitandade 5" kapena "Ahedi", popeza mwini golosale salemba dzina la munthu wamkulu. Mwini golosaleyo nthawi zambiri ndi mnyamata amene mphunzitsi yemweyo anamulembera ndi inki yofiira kuti masamu sadzawatha, koma tsopano amawonkhetsa mtengo wa shuga, mazira ndi mayunitsi a foni osaphonya ngakhale tambala, uku akunena modzichepetsa kuti, "Aphunzitsi, mwezi watha munasiyako pang'ono, ndangophatikiza." Amene amakayikira ngati maphunziro aulere anapindulira dziko ayenera kukaona kope limeneli.

Kope likadzaza pali katapila, ngongole ya kwa munthu wamba imene chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ndalama yobwerekedwayo pamwezi umodzi, ndipo mwini ndalama amasunga khadi la banki ngati chikole. Mphunzitsi amene amaphunzitsa mapelesenti amadziwa bwino lomwe tanthauzo la zimenezi, amaziwerengetsera papepala molondola mpaka pamapeto, amadula mzere kunsi kwa yankho monga mwa lamulo, kenako amapereka khadi. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 pelesenti mu Novembala 2023, iye ndiye anafotokozera mudzi wonse chimene chachitika, ndipo atamaliza anapita kukapempha tsamba latsopano m'kope.

Kubanja mphunzitsi amatchedwa wapantchito, ndiye kuti munthu amene boma limamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti agawire abale ake. M'madera amene mwana amatsata kuchikazi iye ndi malume, ndipo teremu ikamatsegulira ana a alongo ake amafika mmodzimmodzi kudzapereka moni wautali umene mathero ake ndi yunifomu, nsapato ndi makope. Ana ake enieni amavutika mwa njira ina, chifukwa akakhoza anthu amati anaonetsedwa mayeso, ndipo akalephera nkhaniyo imafika mpaka kwa amfumu. Palibenso mwa iwo amene amafuna kudzakhala mphunzitsi, chinthu chimene bambo awo amachidandaula pagulu koma amachiyamika m'pemphero. Chuma chenicheni cha panyumba chili m'manja mwa mayi a kunyumba, amene amagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pa nthawi ya buleki ndipo ali mu banki m'khonde, gulu la anthu osunga ndi kubwereketsana ndalama. Kafukufuku wasonyeza kuti beseni la mandasi silichedwa kulipira ndipo silinasowetsepo fayilo ya munthu. Mphunzitsi akayamba kufotokoza za ulemu umene ntchito yake imabweretsa pakhomo, mayiwo amafunsa osacheuka n'komwe kuti, "Abambo, ulemuwo ndiuthire m'ndiwo kapena m'phala?"

Ulemuwo ulipodi, kungoti umabwera ndi ntchito. Popeza amalemba zooneka bwino ndipo alibe nkhope ya munthu wodziwa kuba, mphunzitsi ndiye mlembi wa mpingo, wa komiti ya mjigo ndi wa timu ya mpira ya m'mudzi. Pamaliro amalemba chipepeso, ndalama ndi ufa zimene anthu amapereka kwa anamfedwa, ndipo paukwati amakhala patebulo masana onse kuwongola ndi kusanja ndalama za perekaniperekani, mwambo umene anthu amaponya ndalama uku akuvina. Pa chisankho amachezera usiku kuwerenga mavoti a anthu amene posakhalitsa adzamudutsa pagalimoto. M'manja mwake mumadutsa ndalama zambiri kuposa zimene adzalandire moyo wake wonse, ndipo malipiro ake ndi mpando pamene ena akhala pamphasa, kuphatikizapo nthutumba ya nkhuku, chiwalo chimene mwambo umasungira mlendo wolemekezeka.

Zokonda zake ndi zosafuna ndalama. Amamvera wayilesi, amasewera bawo pansi pa mtengo, amawerenga nyuzipepala ya sabata yatha ya ku ofesi ya ahedi, ndipo amatsutsana ndi anzake za Bullets ndi Wanderers mwaukatswiri ngakhale kuti pabwalo la Kamuzu ku Blantyre anafikapo kalekale. Pa WhatsApp amadziwika ndi khalidwe loyamba wakonza kalembedwe ka uthenga wa maliro asanapepese.

Akayandikira zaka 55 mphunzitsi amakumbukira kuti nyumba imene akukhala ndi ya sukulu, choncho amaumba njerwa kumudzi ndi kuyamba kumanga nyumba imene imakwera mizere ingapo pachaka mpaka kufika pamawindo, pomwe imaima kudikira gratuity, ndalama zimene wopuma pantchito amalandira kamodzi pambali pa penshoni ya mwezi ndi mwezi. Ndalama zimenezi zisanafike zimakhala zitagula kale chigayo, minibasi, nkhumba ndi malata m'maganizo mwake, ndipo m'maganizo a abale ake zimakhala zitagula zina. Pa tsiku lotsanzika anzake amayankhula zabwino zimene sanazinenepo zaka zonsezi, ana amaimba, ndipo iye amapatsidwa tayi yatsopano yoti akavale kumunda. Kenako imayamba ntchito yoyendera fayilo, yomwe ndi kukwera basi kupita ku ofesi ina yake, kukhala pabenchi ndi jekete lija, ndi kuuzidwa kuti amene amasaina apita kumsonkhano. Pabenchipo amakumana ndi anzake a ku koleji, onse atanyamula ma envulopu a khaki, ndipo amafunsana za miyezi imene aliyense wadikira, amene wadikira yambiri n'kupatsidwa ulemu wa uhedi. Nthawi zina kalaliki wa pa ofesipo amakhala mwana amene anamuphunzitsa, yemwe amaimirira, kupereka moni ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mubwerenso mwezi wamawa." Ndalama zija zikafika, mitengo imakhala itakwera, chigayo ndi minibasi zimabwerera kumene zinachokera, ndipo chotsala ndi malata okwanira zipinda ziwiri ndi nkhumba imodzi.

Kupuma kwenikweni sikuchitika. Wopuma pantchito amadzukabe mbandakucha, amavala shati yosita, ndipo popeza palibe belu woti amumvere amaitana nkhuku ndi kuziwerenga, imodzi ikasowa n'kufunsa mayi a kunyumba ngati inapereka chifukwa. Amayendera mizere ya m'munda manja ali kumbuyo, amayang'ana makope a zidzukulu n'kupeza zolakwa za aphunzitsi awo, ndipo akafika pamsika amaima patsogolo pa zikwangwani za magolosale ndi mabala akupukusa mutu, dzanja likufufuza cholembera chofiira. Posakhalitsa amasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya sukulu yomweyo imene anatsanzika, kapena amalembedwa ntchito pa sukulu ya pulaiveti pa malipiro amene sawatchula pagulu, ndipo mudzi wonse umapitiriza kumutcha aphunzitsi mpaka pa mwambo wa maliro ake, pomwe chipepeso chimalembedwa ndi mphunzitsi mnzake.

Owerenga amene anadutsa m'manja mwa munthu wotere, makamaka iwo amene lero ali ndi magalimoto, akupemphedwa kuti akakumana naye pamsewu asamangotsitsa galasi ndi kumuuza kuti sakukalamba, chifukwa zimenezo iye amadziwa kuti ndi zabodza, ndiponso asamukumbutse za tsiku limene anawakumbitsa dzenje la zinyalala. Amene akufunadi kuthokoza apite pagolosale yapafupi ndi nyumba yake, apemphe kope lomangiriridwa kukauntala ndi kutsegula tsamba lolembedwa kuti "Aphunzitsi opuma". Tsamba la mlembi wa nkhani ino lili chakumapeto kwa kopelo, ndipo golosaleyo imatsegula ngakhale Lamulungu masana.