Chitamando cha Mkhristu Wofunda

Popeza alaliki a kuno kumapiri akhala akudzudzula munthu mmodzi yemweyo chiyambire pamene amishoni anamanga Mvera m'chaka cha 1889, nafika ku Mphunzi m'chaka cha 1903, ndipo popeza m'zaka zonsezi sipanaoneke nkhoswe yomnenera pabwalo, ndaona kuti n'koyenera kuti ndiimirire ine, ndilemekeze Mkhristu wofunda wa kwathu ku Kabwazi, amene sali wozizira kapena wotentha, ndipo chifukwa cha ichi sanapsereze munthu aliyense.

Taonani kudzichepetsa kwake. M'mwezi wa Juni, chisanu chitagwa pa udzu, pamene ena athamangira belu loyamba milomo ili gwagwagwa, iye ayamba watsirira kachewere wake kudimba, pakuti mbewu sizidziwa Sabata. Ndipo akafika ulaliki uli pakati, salimbirana ndi munthu malo aulemu, koma asankha benchi lotsiriza la pafupi ndi khomo, kumene chifuwa chimampeza nthawi yomweyo imene mbale ya chopereka iyamba kuyenda, natuluka mwakachetechete kuti angasokoneze opemphera. Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake analimasulira ndi thukuta lambiri, iye alilemekeza koposa ife tonse, pakuti lake lakhala m'sutikesi zaka khumi osada tsamba ndi limodzi lomwe.

Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, koma akadamuona munthu uyu akadabweza mawu awo. Mwana akadwala, madzulo aitana akulu a mpingo kuti adzapemphere, nawayalira mphasa, nayankha Amen mokweza. Tambala woyamba akalira, ali kale pa njira ya kwa sing'anga, ndipo mwanayo akachira, onse awiri alandira kuthokoza kwawo, wina nkhuku, wina umboni wa m'tchalitchi. Ndidziwa kuti Eliya anakalipira anthu otere paphiri la Karimeli. Koma Eliya sanali mkamwini, sanakhalepo pamudzi pa apongozi amene anamangira kale mdzukulu wawo chithumwa m'chiuno, ndipo kulimba mtima n'kwapafupi kwa munthu wodyetsedwa ndi makungubwi.

Nanga iwo odzipereka ndi mtima wonse atipindulira chiyani, koma mavuto okhaokha? Munthu wotere akana kuika mbatata zikuluzikulu pamwamba pa thumba ndi kubisa zazing'ono pansi, nachititsa manyazi msika wonse. Akana kuloza nkhalamba kuti ndiyo yadya mwana, pamene mudzi wagwirizana kale. Akabwereka ndalama abweza pa tsiku lake, ndipo anansi ake asowa ponamizira. Namoni Katengeza ndi Andreya Namkumba, amene anadzozedwa ubusa m'chaka cha 1925, anali a mtundu umenewu, ndipo onani ntchito imene anatisiyira: makalasi, misonkhano, maulendo oyendera odwala, zonse zodya nthawi ya kumunda. Wofunda sasiyira munthu katundu wotere. Chikhulupiriro chake n'chopepuka, chokwana m'thumba la jekete la pa Sabata, ndipo Lolemba chitsala momwemo pa msomali.

Koma nzeru yake yoposa zonse ili pa maliro. Iye adziwa bwino lomwe kuti tsiku likudza limene adzafuna amayi a Chigwirizano kuti amuimbire usiku wonse pa siwa, ndi mbusa kuti atsogolere bokosi lake kumanda. Chifukwa chake Mgonero ukayandikira alipira ngongole za pa khadi, kuti dzina lisafafanizidwe m'kaundula, ndipo mkulu wa mpingo wodzawerenga mbiri yake, pokhala munthu waulemu, adzanena kuti mpingo wataya mzati. Za kulavulidwa kuja kumene mpingo wa ku Laodikaya unachenjezedwa nako, iye anamva kuti mudziwo uli kutali, tsidya la nyanja, ndipo sakhulupirira kuti mlandu wake ungakwere mapiri kufika ku Dedza.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu akuluakulu a mpingo, musamdule munthu ameneyu, pakuti popanda iye tchalitchi sichingadzaze pa Khirisimasi, ndipo alaliki angasowe womlalikira. Msungireni benchi lake la pakhomo, mumpatse moni wa manja awiri. Koma pa chisankho chikudzachi, chonde musampatse bokosi la ndalama.