Chitamando cha Njinga Yamoto Yaikulu

Pa zinthu zonse zimene ana a anthu anazipanga ndi manja awo kuti adzisenzetse mavuto amene sanabadwe nawo, palibe choyenera ulemu kuposa njinga yamoto yaikulu, ija yolemera makilogalamu oposa 300, imene ikagwa mwini wake amayamba wavula chipewa ndi kudandaulira odutsa m'njira kuti amuthandize kuidzutsa. Osadziwa amayesa kuti munthu amaigula kuti aziyendera. Komatu kuyenda ngakhale kanjinga ka kabaza kamayenda, ndi petulo wochepa pomwe. Yaikuluyi ili ndi udindo wina wopambana, ndiwo kuphunzitsa mwamuna kumvetsera, ntchito imene makolo, aphunzitsi, abusa ndi mayi wa kunyumba anaigwira zaka zambiri osaona chipatso.

Mfumu ya fuko limeneli ndi Harley-Davidson, imene inabadwira m'kashedi ka matabwa mumzinda wa Milwaukee ku America m'chaka cha 1903, m'manja mwa William Harley ndi anyamata a kwa Davidson. Pofika 1909 amisiriwa anatulutsa injini ya masilinda awiri oima ngati chilembo cha V, otalikirana madigiri 45. Ndipo popeza mapisitoni onse awiri amangiriridwa pa chikhomo chimodzi, moto suphulika mwandondomeko yofanana, koma wina ukaphulika mnzake amatsatira pa madigiri 315, kenaka n'kudikira madigiri 405 asanayambirenso. Ndiko kunena kuti injiniyi imatsimphina polankhula. Amisiri amanyazi akanabisa chilemacho, koma awa anachiyesa ulemerero, kotero kuti mu 1994 anakapempha boma la kwawo kuti kuguguda kumeneko kulembedwe m'kaundula monga chizindikiro chawo cha malonda. Opanga njinga anzawo anakana kwamtuwagalu, ndipo nkhaniyo inasiyidwa mu 2000.

Apa ndi pamene pagona nzeru yakuya ya chilombochi. Injini ya galimoto ikakhala bwino imakhala duu, ikadwala imabuula, ndipo ngakhale mwana akhoza kusiyanitsa. Koma iyi, imene mwamwambo wa makolo ake imazizira ndi mphepo, yopanda madzi ozungulira masilinda oti amize phokoso, imasokosa ili moyo, imasokosanso ili kufa; tsono mwini wake sadziwa ngati chimene alikumva ndi nyimbo ya ukwati kapena ya maliro. Walira mvula walira matope.

Taonani bambo wolemekezeka uja, amene kutchalitchi sagwada chifukwa cha nyamakazi, m'mamawa ali chogwada pa simenti, nsonga ya sikuludalaiva yaitali ataigunditsa pa chivundikiro cha mavavu, chigwiriro chake atachikanikiza kukhutu, diso limodzi atatsinzina. Amasuntha nsongayo pang'onopang'ono, kuchoka pamutu kutsikira pa timipope tonyezimira, kufikira kumimba kwa injini, ndipo ana akasewera pafupi amawakalipira kuti akhale chete, chonsecho iye ndiye wadzutsa mudzi wonse. Akamva ka tiki-tiki pamwamba kamene kamatha oyilo akakwera, mtima umakhala pansi. Kakapanda kutha amayamba kufunafuna mwaye pamene paipi ya ekizozi ilumikizana ndi mutu wa injini, pakuti mpweya wothawira pamenepo umatsanzira mawu a mavavu mochenjera ndithu, ndipo ambiri anamasula zosayenera kumasula chifukwa cha mneneri wonyenga ameneyu. Kumanzere tcheni yaikulu ikalekera imamenya chivundikiro chake kuti kwa-kwa. Pachitunda, dzuwa litatentha, giya ili yapamwamba ndiponso petulo ali wachabechabe, m'masilinda mumalira ngwi-ngwi-ngwi. Koma lilipo liwu limodzi limene salitchula mokweza, kugogoda kwakuya kochokera pansi penipeni, kumene tanthauzo lake ndi lakuti injini ing'ambidwe pakati, ndi chikwama cha mwini wake chimodzimodzi.

Eni ake a injini yotchedwa Twin Cam, imene inayamba kuoneka mu 1998, anapatsidwa mdalitso woonjezera: tinsapato tapulasitiki tokankha tcheni ya mkati, timene timadyeka mwakachetechete. Chifukwa cha ito, amuna aakulu amadula fyuluta ya oyilo ndi kuitambasula padzuwa, kufufuza tizidutswa tofiirira monga wa ula ayang'anira m'nsupa zake. Ndani anganene kuti njinga siiphunzitsa kudekha? Maso a nkhono amenewo amawaona ndithu.

Sindingaiwale kuyamikanso ubale umene phokosoli limamanga. Munthu akangoti njinga yanga yayamba kulira mwachilendo, anzake amasonkhana mouzungulira, manja kumbuyo, aliyense ndi chiweruzo chake: uyu ati asinthe oyilo, uyo ati ndi mapulagi, wina ati ya mlamu wake inatero isanafe, ndipo nthawi zonse pamakhala nkhalamba ya ndevu zaimvi imene imaweruza kuti zonse zimatero, ndi kuti tsiku loyenera kuopa ndi limene idzakhale chete. Mwini njinga amathokoza onse, osakhulupirira ndi mmodzi yemwe, ndipo usiku umenewo amadzidzimuka kawirikawiri monga mnyamata Samueli, poyesa kuti chinachake chamuitana kugalaja.

Potsiriza amaikankhira kwa makaniko, nkhope ili yakugwa, atawerengera kale zimene agulitse. Makaniko amailiza, amapendeketsa mutu kamphindi, amatenga sipanala n'kumanga kabawuti kamodzi ka kachitsulo kotchinga kutentha pa ekizozi, n'kunena kuti, "Bwana, yatha, mukhoza kupita." Bwanayo amalipira mosakondwa, pakuti n'zosatheka kuti matenda amene anamusowetsa tulo sabata yathunthu achizidwe ndi kabawuti; ndipo asanatuluke pachipata amakhala atayamba kale kufunsa ngati m'tauni muno muli makaniko wina wodziwa bwino ntchito.